ZA ZIWETO ZATHU: Galu wa ndevu ndi dzanja la mwini wake

Mlungu uno tasiya kaye za ng'ombe ndi mbuzi kuti tikambeko za chiweto chimene chimagwira ntchito yaikulu pakhomo koma chimadya pomalizira, ndiye galu wosaka. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu n'kuyamba kuuma, alenje amatenga zibonga ndi nthungo zawo nayamba kuimbira agalu mluzu. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Tsono nafenso tipangane lero, uzimba usanafike pachimake, za kasamalidwe ka mnzathu ameneyu.

Kuti nkhani yathu imveke bwino, titengere chitsanzo pa mtundu wina wa agalu a ku Portugal, dziko limene chilankhulo chake ana athu amaphunzira kusukulu. Kumeneko alenje a kumidzi ali ndi galu amene amamutcha Podengo. Ndi galu wa makutu oimirira, wa mphuno yosongoka, wopepuka miyendo, ndipo kawirikawiri amakhala wachikasu kapena wofiirira, nthawi zina wa mawanga oyera. Mutamuonera patali mukhoza kunena kuti ndi galu wa kwa anyakwawa, pakuti kaimidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka agalu athu a kumudzi.

Agalu amenewa alipo a misinkhu itatu. Wamng'ono amatalika masentimita 20 mpaka 30 ndipo amalemera makilo 4 mpaka 6. Ameneyu ntchito yake ndi kulowa m'mauna ndi m'ming'alu ya miyala kukatulutsa akalulu, chifukwa kalulu wa ku Portugal amakumba una, osati ngati wathu uja amene amangobisala patsinde pa udzu. Wapakati amatalika masentimita 40 mpaka 54 ndi kulemera makilo 16 mpaka 20, ndipo ndiye amathamangitsa akalulu pamtunda, kawirikawiri m'gulu ndi anzake. Wamkulu amafika masentimita 55 mpaka 70 ndi makilo 20 mpaka 30, ndipo amamugwiritsa ntchito posaka nyama zikuluzikulu monga nguluwe za kwawoko.

Pa msinkhu uliwonse pali a ubweya wosalala ndi a ubweya wokhakhala. Wokhakhalawo Apwitikizi amati pelo cerdoso, ndiko kunena kuti ubweya wonga wa pamsana pa nkhumba. Galu wa ubweya wotere amakhala ndi ndevu kukamwa ngati tonde. Ndiye galu wa ndevu amene tikunena lero. Ku Germany nakonso kuli galu wina wosaka wa ubweya wotere, wotchedwa Deutsch Drahthaar, ndipo alenje a kumeneko adakhazikitsa bungwe loyang'anira mtundu umenewu m'chaka cha 1902. Kaya kwanuko galu wa ndevu alipo kaya kuli osalala okhaokha, zimene tinene pano zikukhudza galu aliyense amene amalowa m'tchire ndi mbuye wake.

UBWEYA UMATETEZA, UMABISANSO

Alenje amakonda ubweya wokhakhala chifukwa uli ngati chovala cha ntchito. Galu wotere amalowa m'ziyangoyango ndi m'minga osakalika kwambiri. Matope akauma amangoyoyoka okha. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ubweya womwewo ndi umene umabisa nkhupakupa, utitiri, mphutsi, minga ndi zilonda. Pa galu wosalala nkhupakupa yokhuta imaonekera patali. Pa galu wa ndevu mwini wake akhoza kukhala milungu iwiri osadziwa kanthu, kufikira tsiku limene galuyo wakana kudzuka.

Chifukwa chake lamulo loyamba ndi ili: pobwera kuuzimba, musanakhale pansi kugawana nyama, pitirizani dzanja pathupi lonse la galu, mobwezera ubweya kumutu kuti khungu lioneke. Maso okha sakwanira, zala ndizo zimapeza zobisika. Yambani ndi m'makutu, m'kati ndi kuseri komwe. Pitani kundevu, pakhosi, m'khwapa, kumimba, pansi pa mchira, ndipo mutsirize ndi mapazi, chala chimodzichimodzi. Ntchito imeneyi satha nayo ndi mphindi 10 zomwe, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuiphunzira.

Njere za chisoso zimangomatirira, sizivuta kuchotsa. Zoopsa ndi njere zosongoka za udzu wouma. Zimenezi zikalowa pakati pa zala kapena m'khutu sizibwerera m'mbuyo, zimangonka zilowa m'mnofu mpaka kuchita chithupsa. Mukaona galu akunyambita phazi limodzi kosalekeza, kapena akupukusa mutu atapendeketsa khutu, dziwani kuti chilipo chalowa.

Kamodzi pa mlungu mupeseni ndi chipeso cha mano otalikirana, makamaka kundevu ndi kumiyendo kumene ubweya umapotana. Ubweya wakufa umachoka wokha ndi chipeso kapena ndi zala. Musamumete mpala poganiza kuti akumva kutentha, chifukwa mukatero mwamuvula chovala chomuteteza ku minga ndi ku dzuwa. Kumusambitsa ndi sopo kukhale kwa apo ndi apo, pakuti sopo wa tsiku ndi tsiku amachotsa mafuta a pakhungu ndipo galu amayamba kudzikanda. Ndevu zokha muzizitsuka ndi madzi akatha kudya, kuopa ntchentche.

Dziwaninso kuti Podengo alibe ubweya wachiwiri wofewa wa m'kati umene agalu a kumaiko ozizira ali nawo. Tsono amene mumakhala kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene June ndi July amaluma, mukudziwa kuti galu wopanda chofunda chotere safunika kugona pamtetete. Kachisakasa kosadontha ndi chiguduli chouma n'zokwanira. Drahthaar uja ali nawo ubweya wa m'katiwo, ndipo iye vuto lake ndi kutentha.

NKHUPAKUPA NDI MPHUTSI

Nkhupakupa siimwa magazi okha, imasiyanso matenda m'thupi. Galu amene walowedwa matenda a nkhupakupa amatentha thupi, amafooka, amakana chakudya, ndipo mukakweza mlomo wake mupeza nkhama zayera m'malo mokhala zofiira. Nthawi zina mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zotere musadikire mawa, pitani kwa alangizi a ziweto, chifukwa mankhwala ake ndi ochita kubaya kapena kumwetsa mwa muyeso, ndipo galu akhoza kufa m'masiku owerengeka.

Pochotsa nkhupakupa, kutani zala ndi kapepala ka pulasitiki, igwireni pafupi ndi khungu penipeni, ndipo muikoke pang'onopang'ono mosapotoza. Musaiotche ndi fodya ili pathupi. Mukaichotsa iponyeni pamoto kapena m'kachitini ka parafini, osaiphwanya ndi zikhadabo. Ena amatapa mankhwala a ku dibi ya ng'ombe n'kusambitsira galu mongoyerekeza muyeso. Agalu ambiri apita ndi njira imeneyi. Galu si ng'ombe, ndipo amadzinyambita. Funsani kaye alangizi kuti ndi mankhwala ati oyenera galu ndiponso asungunulidwe motani. Enanso amapaka galu wa mphere oyilo wakuda wochokera m'galimoto kapena m'chigayo. Oyilo ameneyu ndi poizoni, amaotcha khungu ndi kuononga m'mimba.

Mphutsi za pakhungu zimachokera ku ntchentche ina imene imaikira mazira padothi la pamthunzi pamene pali mkodzo kapena ndowe. Galu akagona pamenepo timphutsi timaboola khungu n'kumakulira m'kati. Pamatuluka chotupa chokhala ndi kabowo pakati. Matani kabowoko ndi Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, ndipo ikasuzumira muifinye ituluke yathunthu, kenaka mutsuke ndi madzi a mchere. Tiana ta galu ndito timavutika koposa. Mankhwala ake enieni ndi tsache: sesani pogona galu tsiku ndi tsiku, yanikani chiguduli chake padzuwa, ndipo musamumangirire malo amodzimodzi mpaka dothi linunkhe.

Bala la munga, la mano a nguluwe kapena la nungu, metani ubweya wozungulira kuti lionekere, ndipo mulitsuke ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutathiramo kasupuni kamodzi ka mchere. Bala lozama kapena la pamimba n'lofunika alangizi. Mapiritsi a anthu ochepetsa ululu musam'patse galu, pakuti ena mwa iwo amaononga chiwindi ndi impso zake.

NJALA SIPHUNZITSA KUSAKA

Pali chikhulupiriro chakuti galu wosaka azikhala ndi njala kuti aziluma nyama mwaukali. Abale anga, kodi ndani adapitapo kukagwira ganyu wolima ndime yaikulu atagona ndi njala masiku awiri? Galu wa mtundu wosaka amasaka chifukwa zili m'magazi mwake. Njala imangom'chotsa liwiro, n'kumuphunzitsa kuba mazira ndi kudya kalulu yekha kutchire mbuye wake asanafike.

Galu wamkulu adye kawiri pa tsiku, ndipo kamwana katatu kapena kanayi. Nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya zimapatsa mphamvu, koma pazokha sizimanga thupi. Onjezerani mitu ya usipa, nyenyeswa za kapenta, nyemba zophika bwino, maungu, dzira la apo ndi apo, ndi zotsala za nyama. Ndiwo zochuluka anyezi musam'patse, chifukwa anyezi amaononga magazi a galu. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Muyeso wa kukhuta uli m'dzanja lanu lomwelo: mukasisita m'mbali, nthiti zizimveka koma zisamachite kuwerengeka. Pa galu wa ndevu izi n'zofunika kwambiri, popeza ubweya umabisanso kuonda.

Mwambo wopatsa agalu matumbo a nyama imene agwira ndi wabwino, ndiwo malipiro awo. Koma matumbo, mapapo, chiwindi ndi mitu, kaya ndi za nyama ya kutchire kaya za mbuzi ndi nkhosa, ziphikeni kaye. Zaziwisi zimakhala ndi timatumba ta madzi m'mene muli mbewu ya njoka za m'mimba. Galu akadya, njokazo zimakula mwa iye, mazira ake n'kumatuluka ndi ndowe kupita pamsipu ndi pabwalo pamene ana amasewera. Mankhwala a njoka za m'mimba galu wamkulu azilandira miyezi itatu iliyonse, ndipo tiana tiyambe tili ndi milungu iwiri.

Musam'khutitse m'mawa pamene mukunyamuka. Chakudya chachikulu adye madzulo, atapuma pobwera. Madzi ndiwo asasowe. Galu wa makilo 18 amamwa pafupifupi lita imodzi pa tsiku ali chigonere pakhomo, ndiye kuli bwanji akamathamanga. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa ndi lilime. M'mwezi wa October, makamaka kwa inu a kuchigwa cha Zambezi, sakani m'mamawa ndipo dzuwa likakwera bwererani. Tengani chigubu cha madzi cha agalu. Mukaona galu akupuma wefuwefu, akudzandira, dovu lili chuchuchu, mugonekeni pamthunzi ndi kumuthira madzi ozizira thupi lonse, makamaka kumimba. Palupsa pamene moto wangodutsa musalowetsepo agalu, phulusa limabisa makala ndipo mapazi opsa amatenga milungu kuti apole.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Munthu amene wafuna galu wothamanga wafunanso ntchito yomuthamangitsa. Podengo ndi anzake onse osaka sakhala phee. Mukamumanga pachingwe usana ndi usiku amauwa kosalekeza, amakumba, ndipo tsiku limene adzadule chingwe nkhuku za aneba zidzaona zakuda, mlandu n'kukafika kwa amfumu. Ngakhale kunja kwa nyengo ya uzimba, galu wotere ayende ndi kuthamanga ola limodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse. Mutengeni popita kumunda, kudimba kapena kokadula mitengo. Kumunda adzakuthandizaninso kuingitsa anyani.

M'mera mpoyamba. Kamwana musakachotse kwa make kasanakwane miyezi iwiri. Kakafika pakhomo kazolowere nkhuku, mbuzi ndi ana kakadali kakang'ono, kuti kadziwe kuti zimenezi ndi za pakhomo. Phunziro loposa onse ndi kubwera akaitanidwa. Muitaneni ndi dzina, akabwera mupatseni kanthu ndi kumusisita. Mukamuitana n'kumumenya, mawa sadzabweranso, ndipo galu wosamva kuitana ndi amene amathera m'msampha kapena pamano a nguluwe. Maulendo ataliatali a kutchire adikire mpaka atakwanitsa chaka, mafupa atakhwima.

CHIWEWE

Tsopano tafika pa nkhani imene ikukhudza moyo wa ana athu. Galu wosaka amakumana ndi nkhandwe, afisi ndi agalu osokera kuposa galu wongokhala pakhomo. Akalumidwa kutchire, kabala kake kamabisika m'ubweya muja, ndipo iye amabwera kunyumba n'kumasewera ndi ana monga mwa masiku onse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa ndi matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 alionse, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuchira kumakhala kulibe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti imfa zimenezi n'zopeweka. Katemera wa chiwewe adayamba kupulumutsa anthu m'chaka cha 1885, pamene mnyamata wolumidwa ndi galu adabayidwa katemera wa Louis Pasteur wa ku France ndipo mnyamatayo adakhala ndi moyo. Tsiku limene Pasteur adamwalira, 28 September, ndilo maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe chaka ndi chaka. Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasowa podumphira ndipo amazilala.

Tsono galu wanu abayidwe akakwana miyezi itatu, ndipo azibwereza chaka ndi chaka. Ena amabisa agalu alangizi akafika, amvekere jakisoni amapha fungo la galu ndipo sasakanso. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Katemera sakhudza mphuno kapena miyendo. Mukamva kuti a ziweto abwera, tengani agalu onse ndi amphaka omwe, ndipo kapepala kamene akupatseni mukasunge pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana. Ngati papita chaka osabwera, amfumu ndi anyakwawa akafunse ku ofesi ya SDAE ku boma. Ife a m'malire tikumbukirenso kuti galu sadziwa kuti uku ndi ku Moçambique, uko ndi ku Dedza kapena ku Ntcheu. Amangodumpha msewu. Choncho mukapita kumsika kapena kumaliro tsidya linalo, akumbutseni abale athu kuti nawonso abayitse awo.

Galu wachiwewe amasintha khalidwe. Wofatsa amalusa, amaluma mitengo ndi miyala, amayenda mosadziwa kumene akupita. Koma wina salusa konse, amangoti kukamwa yasaa, dovu likutsika, ngati watsamwa ndi fupa. Musapise dzanja m'kamwa mwake kufuna fupalo. Mutsekereni ndipo mudziwitse alangizi. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 nthawi yomweyo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musataye nthawi ndi kuotcha ubweya wa galuyo n'kupaka pabala. Matendawa amatha kubisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kufikira chaka, bala litapola kalekale. Galu amene waluma munthu koma akuoneka wabwinobwino amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, akudya ndi kumwa, pamene wolumidwayo wayamba kale kulandira chithandizo. Makolo, auzeni ana kuti akalumidwa asabise poopa kukalipiridwa.

MLENJE NDI LAMULO

Mawu otsiriza apite kwa alenje eni ake. Galu wosamalidwa bwino amagwira nyama zambiri, ndipo apa m'pofunika nzeru. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zachilengedwe, nambala 16 la chaka cha 2014, limene lidakhwimitsidwa ndi lamulo nambala 5 la chaka cha 2017. Kusaka m'malo otetezedwa monga paki ya Mágoè, imene idakhazikitsidwa mu 2013 m'chigawo cha Tete, n'koletsedwa, ndipo kupha nyama zotetezedwa monga ngaka kumatengera munthu kundende zaka zambiri. Musanatuluke ndi agalu funsani kwa amfumu ndi ku boma kuti mudziwe nyama zololedwa, nyengo yake ndi za chilolezo. Kutentha tchire chifukwa cha kalulu mmodzi kumatha udzu wofolera, msipu wa ng'ombe, nthawi zina ndi nkhokwe za eni ake. Nyama ya bere kapena yoyamwitsa ilekeni ipite, kuti adzukulu athu nawonso adzadziwe gwape ndi maso.

Mlungu uno, bambo aliyense amene ali ndi galu achite zinthu zitatu. Apitirize dzanja m'ubweya mwake kuyambira kumakutu mpaka kumapazi. Aike mbale ya madzi pamthunzi imene siuma. Afunefune kapepala ka katemera, ndipo akakapeza kuti kapitirira chaka kapena kulibe n'komwe, ayambe ulendo wa kwa alangizi. Amene muli ndi mafunso pa za ziweto lemberani kalata ku tsamba lino.